Kapu ya Madzi

Jofesi wanga anadziwa kusambira
asanathe kutchula bwino dzina lake.
Chaka chimene Ruo anathyola gombe n'kulowa m'nyumba za ku Makhanga
tinagona masiku awiri mumtengo wa mango,
ine, iye, ndi kagalu m'malaya mwake.
Anakatcha Azatopa.

Madzi sanamutenge.
Ng'ona za mu Shire sizinamutenge.
Muyambe mwamva zimenezo.

Usiku wina, nyengo yotola thonje,
nkhandwe inafika pakhola la mbuzi, osathawa tochi.
Nkhandwe yanji yoima n'kukuyang'ana m'maso?
Azatopa anaigwira pakhosi, ife tinamutama,
tinamuponyera mutu wa mlamba.

Patatha masabata atatu anayamba kutafuna chingwe cha ngolo,
kuluma mthunzi wake womwe,
kuuwa ndi mawu a galu wina,
dovu lili chuchuchu.
Jofesi anati wameza fupa,
napisa dzanja m'kamwa mwake kuti alichotse.
Dzino limodzi basi, pachala chachikulu.
Munga wa mthethe umalasa kuposa apo.

Mlamu wanga Alufandika anameta ubweya wa kumchira,
anauotcha, napaka phulusa pabalapo.
Sopo anali m'nyumba. Mjigo uli apo, mukuuona.
Ine ndinati kuchipatala tipita thonje likagulidwa,
bwato sakwera ndi chonde.
Bala linapola m'masiku anayi, tinaseka.
Galuyo tinamupeza atauma kuseri kwa nkhokwe,
tinamukwirira, nkhani n'kuthera pomwepo.

Thonje linagulidwa.
Ndinamugulira nsapato za kusukulu.

Litafika dzuwa la kuno lija, long'amba nthaka,
anati chala chikuyabwa, pomwe panapola kale.
Kenako mutu. Kenako usiku wopanda tulo.
Mayi ake anamutungira madzi a mumtsuko
m'kapu yobiriwira ya pulasitiki.
Anatambasula dzanja, ludzu lili m'maso,
khosi n'kukana.
Anakuwa.
Mwana womira pansi pa bwato n'kutulukira mbali inayo
anadzipanikiza pakona kuthawa kapu ya madzi.
Ngakhale kamphepo ka pakhomo kankamuwawa.

Ku Nsanje namwino sanatikalipire.
Bola akanakalipa.
Anafunsa tsiku la dzino lija, nayamba kuwerenga pazala,
nasiya kuwerenga.
Anati chiwewe chimayenda pang'onopang'ono ngati nkhono,
jekeseni imachipitirira ikanyamuka msanga,
koma chikafika kumutu chimatseka chitseko.

Nsapato zija zikadali m'pepala lake.

Dzulo mwana wa Joakina walumidwa kumsika wa nsomba.
Kagalu kosewera aka, anatero anthu,
wina anayamba kale kufunafuna lumo.
Sindinapemphe chilolezo kwa munthu.
Ndinamukoka mkono mpaka pamjigo,
sopo, madzi, sopo, madzi,
wopopa anatopa, ndinagwira chitsulo ndekha,
amayi a zidebe akung'ung'udza pamzere.
Tambala wanga ndinamusiya kwa mwini bwato.

Loweruka akubwera obaya agalu
pansi pa mlambe wa kusukulu.
Zingwe ndapota kale zisanu ndi ziwiri.
Galu ndilibe, ndidzayenda khomo ndi khomo,
amene andinene kuti ndapenga anene.

Tili m'bwato kamtsikanako kanandifunsa:
a Zuze, bala ndi langa, nanga inu mukuliranji?
Ndinati ndi fumbi.
Fumbi pakati pa mtsinje?
Kanaseka, kenako kanapempha madzi.

Ndinakapatsa chigubu.
Wopalasa ankakamba za mtengo wa feteleza, sindinamve.
Ndinali kuyang'ana kakhosi kaja
kakumeza,
kakumeza,
madzi ena akutsikira m'chibwano.